Thunthu la Nthochi m'Bokosi la Amuna Anga

Amuna anga anaikidwa kawiri. Koyamba anawaika asilikali anzawo ku Malaya, kutsidya kwa nyanja yamchere, kumene ine sindinapondeko ndipo sindidzapondako. Kachiwiri tinawaika ife m'mudzi mwawo ku Kasenengwa, ndipo m'bokosimo munali thunthu la nthochi. Zinachitika zaka za Chitaganya, Chipata akutchedwabe Fort Jameson. Ndikulemba ndi dzanja langa losaphunzira kwambirili kuti ana anga awiri, amene anali aang'ono nthawiyo, aleke kufunsa anthu ena omwe amathiramo nsinjiro zawo.

Bambo awo anali munthu wamtali. Pakhomo la nyumba yathu ankagundapo mphumi tsiku ndi tsiku, nyumba yoti anamanga okha, mpaka mtanda wa pamwamba pa chitseko unasalala pamalo amodzi. Kutchalitchi ankaimba besi. Sikuti ankaimba bwino, koma akajomba aliyense ankadziwa. Nkhuku sankatha kupha. Kukabwera alendo ankatenga mpeni ndi nkhuku n'kuzungulira kuseri kwa nyumba mwachamuna, ine pambuyo ndi madzi otentha, ndipo tikafika kuseriko tinkasinthana, iwo agwire mphika, ine mpeni. Ankayang'ana kuphiri mpaka nditamaliza, kenaka n'kutulukira kwa alendo akupukuta mpeniwo pa udzu.

Ntchito yawo inali yosankha fodya pa famu ya mzungu wina. Tsiku lina anapita ku Boma kukagula tcheni cha njinga, ndipo sajeni amene ankalemba anthu usilikali anaona mutu wawo pamwamba pa mitu yonse ya pamsika. Anabwerako madzulo alibe tcheni, ali ndi pepala. Anati awauza kuti munthu wa msinkhu wotere akuwonongeka pa fodya. Ndinawafunsa kuti nanga kunkhondoko adzawagwirira mpeni ndani. Anaseka, ine ndinasekanso, ndipo ndimathokoza Mulungu kuti tsiku limenelo tinaseka.

Makalata awo ochokera kunkhondo anali atatu. M'menemo munalibe za mfuti. Ankalemba za mvula yogwa tsiku lililonse, za misundu yolowa m'majombo, ndi kufunsa ngati denga ndafoleretsa. Kalata yachinayi sinali yawo. Anabwera nayo mesenjala wa ku Boma nyengo yotentha, ya m'Chingerezi, ndipo anatiwerengera aphunzitsi a pasukulu. Inati amuna anga anawomberedwa m'nkhalango ndipo anaikidwa komweko mwaulemu. Pambuyo pake kunabwera bokosi lawo lachitsulo, muli jasi, bulangete, majombo, sipuni ndi Baibulo.

Apa ndifotokoze za ine. Ndinali mtengwa, ndiye kuti ndinkakhala kwawo kwa amuna anga. Kwathu ndi kufupi ndi Mwami, ndipo kumeneko kunali amayi anga, maso awo akuyamba kuchita khungu, mwana wamkazi ndine ndekha. Mwambo unali woti mkazi wamasiye sachoka pamudzi mpaka achibale a mwamuna atamusudzula, ndiko kumumasula pamaso pa anthu kuti ukwati watha, apite kwawo ndi ana ake. Kusudzulako kunkachitika maliro ataikidwa, anthu atameta, dzinja litadutsa, chimanga chili m'nkhokwe. Tsono ife tinalibe maliro oika. Popanda manda ndinali ndisali mkazi wa munthu, ndisali wamasiye, ndipo kwa amayi anga sindikanatha kupita.

Apongozi anga, amayi awo a amuna anga, anali kamunthu kakafupi, kamasiye, koyenda mofulumira. Anabereka asanu, anayi anaika ali makanda, ndipo wotsala anali yekhayo wamtaliyo. Aphunzitsi atamaliza kuwerenga kalata, ife tonse tinagwa pansi ndi kulira. Iwo sanalire. Anatenga pepalalo, kuliyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, n'kulibweza. Anati mwana wawo sakumuonamo.

Anthu anasonkhana pasiwa monga mwa nthawi zonse. Amayi a mpingo anaimba, abambo anakhala panja pansi pa mtengo. Tsiku lachitatu linadutsa, lachisanu, sabata. Palibe amene ankadziwa kuti abalalike bwanji, poti maliro amatha ndi kumanda. Ena ankapita kukagwira ntchito kumadimba m'mawa n'kubwerera masana kudzapitiriza kulira. Nyimbo za maliro zinatha m'buku, anayambiranso poyamba.

Amene anabweretsa nzeru anali atsibweni a amuna anga, mlongo wawo wa apongozi, mwini mbumba. Anati makolo sankasowa chochita. Munthu akagwidwa ndi ng'ona kapena mkango, thupi osapezeka, ankadula thunthu la nthochi n'kuliika m'malo mwake, ndipo maliro ankatha bwinobwino. Apongozi anakana. Anati mwana wawo nthochi sankadya chibadwire, zinkamuyambitsa chilungulira, ndipo mudzi wonse ukudziwa.

"Sitikumudyetsa, mlongo wanga," anatero atsibweni. "Tikumuika."

Anakangana tsiku lonse. Pomaliza apongozi analola, koma anaikapo lamulo limodzi. Thunthulo likhale la msinkhu wa mwana wawo ndendende. Anati anamubereka wamtali, ndipo palibe amene adzamuike wamfupi iwo ali moyo.

Vuto lina linali la alaliki athu. Anali munthu wabwino, wamantha pang'ono, wosafuna kulakwira Mulungu kapena atsibweni. Anafufuza m'buku la mapemphero a maliro ndipo sanapezemo malo a nthochi. Anayenda wapansi kupita kumishoni kukafunsa abusa, anapeza abusa ali paulendo. Pobwerako anali ataganiza okha panjira. Anati mwambo adzachititsa, chifukwa malemu anali Mkhristu wobatizidwa, koma adzapempherera munthuyo osati mbewuyo, choncho kuyambira kunyumba mpaka kumanda iwo adzaima chofulatira bokosi. Nyimbo anati zilibe vuto, poti nyimbo imapita mbali zonse.

Ntchito inatsalira adzukulu, aja okumba manda ndi kunyamula maliro, amene mwambo umawalola kunena chilichonse pamaliro popanda wowaimba mlandu. M'mudzi mwathu munali nthochi za kabuthu zokhazokha, zofika m'chifuwa. Adzukulu anati ngati banja likufuna, akhoza kulumikiza ziwiri. Apongozi anawayang'ana, iwo anakatenga bango. Anayeza kuchokera pansi mpaka pamene mtanda wa chitseko unasalala, ndiye panabuka mkangano wa zala zingati zowonjezera kuchokera pamphumi kufika paliwombo. Anandifunsa ine monga mwini wake. Ndinati zinayi. Apongozi anati zisanu. Anadula bango pa zisanu.

Anapita nalo bangolo kumadimba a cha ku Mtenguleni kumene kunali nthochi zazitali za kholobowa. Zazitali zenizeni zinali ndi mikoko, ndipo mwini dimba anakaniza. Anawapatsa yaing'ono imene inali isanabereke. Poyeza inaperewera chikhatho chimodzi. Adzukulu anakhala pansi, anaganiza, ndipo m'malo modula anaikumba ndi chitsa chake chomwe kuti msinkhu ukwane. Anaimangirira pa njinga ya amuna anga, ija yopanda tcheni, n'kumaikankha msewu wonse. Aliyense wokumana naye ankamuuza kuti apatuke, kukudutsa asilikali a mfumukazi.

Tsiku loika, ndinakhala m'nyumba pafupi ndi bokosi monga amachitira mkazi wa malemu. Munali ine, atsibweni ndi adzukulu awiri. Apongozi anali atalowa kale, anayeza okha thunthu ndi bango, anaona kuti lakwana, analiveka jasi ya usilikali n'kumanga mabatani onse mpaka m'khosi, ndipo anatuluka. Majombo atsibweni anati asaikidwe, poti nthochi ilibe mapazi. Anawavala iwo zaka zambiri, ngakhale anali aakulu kwa iwo.

Ponyamula thunthu kuti alowetse m'bokosi, silinalowe. Kalipentala wokhoma bokosilo anali atakana bango, ati malemu ankawadziwa bwino, anakulira limodzi. Chitsa chonse chinatsalira kunja. Anayesa chopingasa, anayesa kupinda, nthochi sipindika. Panja anthu anali atayamba kale nyimbo yonyamulira. Atsibweni anatuluka thukuta, anayang'ana kuchitseko, n'kuuza mdzukulu wamkulu kuti atenge nkhwangwa. Anadikira pamene nyimbo inakwera, ndipo anadula chitsacho kawiri kokha. Kenaka onse atatu anatembenukira kwa ine. Atsibweni anati, mwaulemu ndithu, zimene ndaona zikhale za m'nyumba muno, chifukwa mlongo wawo akamva kuti mwana wake waikidwa wamfupi, maliro ayambiranso. Ndinavomera ndi mutu.

Chitsacho sakanachitaya kudzala. Mdzukulu wamkulu anati kaya ndi nthochi kaya si nthochi, amenewa ndi mapazi a malemu. Anachikulunga m'chiguduli, anachinyamula pamodzi ndi makasu, ndipo pokwirira manda anachikankhira mu mtumbira, m'dothi la pamwamba, anthu akuyang'ana m'mabuku a nyimbo.

Mwambo wa kumanda sindidzauiwala. Alaliki anaima chofulatira monga ananenera, nkhope kumunda wa anthu ena kumene kunkadya mbuzi, ndipo analalikira mbuzizo za kuuka kwa akufa. Poti sankaona zochitika kumbuyo, mdzukulu ankawauza kuti tsopano tatsitsa, tsopano tatulukamo. Pofika pa mawu a dothi, anatapa dothi n'kuliponya chakumbuyo podutsa paphewa, ndipo linagwera atsibweni m'khosi. Ena anabisa nkhope m'nsalu. Inenso chiseko chinandifika pakhosi. Koma atayamba nyimbo yomaliza, ndinamva kuti pansi pa nyimboyo palibe kanthu, besi ija kulibe, ndipo pamenepo ndinalira kulira kwenikweni, mpaka anachita kundigwira. Ndinadziwa kuti bambo a ana anga sadzabweranso. Mawa lake tinameta. Apongozi anametedwa nawo, koma misozi ayi.

Mvula inagwa bwino chaka chimenecho. Manda athu a Akhristu anali pafupi ndi tchalitchi, m'mbali mwa njira ya kuchitsime, moti munthu ankaona mitumbira akudutsa. Tsiku lina Khirisimasi itayandikira, apongozi anabwera kuchokera kumeneko akuyenda mofulumira kuposa masiku onse, anatula mtsuko, n'kundiuza kuti nditsuke mbale ya amuna anga ndi kuiika pamalo pake. Pa mtumbira panali patatuluka tsamba la nthochi, lopotana, lobiriwira bwino.

"Chakufa sichiphuka," anatero. "Mwana wanga ali moyo kumene aliko. A boma asokoneza mapepala."

Ine ndinkadziwa chimene chaphuka. Atsibweni ankadziwa, adzukulu ankadziwa. Koma kuti tinene, tikanayenera kuyamba ndi nkhwangwa ija. Tonse tinakhala chete, ndipo nthochi inakula, poti dothi la kumanda ndi lachonde.

Titakolola, mchimwene wanga anabwera kuchokera ku Mwami kudzamva tsiku londisudzula. Atsibweni anaitanitsa anthu pakhonde pawo. Apongozi analankhula mofatsa. Anati iwo alibe mangawa ndi ine, ndine mwana wabwino, koma chiyambire dziko sanamvepo kuti mkazi wa munthu wamoyo akusudzulidwa. Mwiniwake akadzabwera n'kupeza nyumba ili gwa, adzamuyankha ndani? Atsibweni ankangoyang'ana majombo awo. Alaliki anayesa kuthandiza, anati kuphuka ndi khalidwe la nthochi iliyonse, palibe chodabwitsa.

"Ngati inali nthochi chabe, abambo, munaifulatiriranji?" anafunsa apongozi.

Alaliki anatsegula Baibulo, analitsekanso. Mchimwene wanga anabwerera yekha.

Chilimwe chonse tinathirira. Apongozi anapempha chilolezo cholowa kumanda, ndipo palibe amene analimba mtima kuwakaniza. M'mawa uliwonse ine ndinkasenza mtsuko, iwo patsogolo ndi chikho. Anamanga mpanda waminga kuti mbuzi zisafike. Mwezi wozizira anatulutsa bulangete la usilikali lija n'kulikulunga pa thunthu, ati kumene ali mwana wawo kaya akufunda chiyani. Amayi a pachitsime anayamba kundifunsa kuti abambo adzuka bwanji, ena mwachipongwe, ena moona mtima, ndipo sindinkadziwa woyankha mwa mtundu uti, choncho onse ndinkawayankha kuti adzuka bwino. Adzukulu akamadutsa ankaima njo n'kuchita sawatcha ngati asilikali. Mdzukulu wamkulu anandiuza kuti ndisadandaule, ndili ndi mwayi kuposa akazi onse a m'mudzi, mwamuna wanga samwa, samenya, ndipo ndimadziwa kumene wagona.

Mbiri inafika kutali. Kunabwera mayi wina wa kumudzi wa patsidya, amenenso mwana wake anali ku usilikali ndipo anali atasiya kulemba makalata. Anakhala pansi pafupi ndi mpanda nthawi yaitali, kenaka anapempha mphukira imodzi kuti akadzale kwawo, aziona ngati wake ali moyo. Apongozi anamuuza kuti sizigwira ntchito choncho, aliyense ndi nthochi yake. Mayiyo anapita akupukuta maso. Tsiku limenelo sindinaseke.

Mapemphero anga a nthawi imeneyo, Mulungu andikhululukire, anali osokonezeka. Ndinkagwada n'kunena kuti Ambuye, mbuzi munazilenga ndinu, chiswe ndi chanu, mphepo ndi yanu, ndipo ine sindikutchula kanthu, koma Inu mukudziwa. Ndikatero ndinkachita manyazi, n'kupempha chikhululukiro, m'mawa n'kukathiranso madzi. Ndinkawakonda apongozi anga. Pamene ndinkabereka mwana woyamba anandigwira msana ndi iwo, ndipo chiyambire sanandinenepo mawu oipa. Poyenda kupita kumanda ankandisimbira za ubwana wa amuna anga, momwe anakulira msanga mpaka mphasa zonse kuwaperewera, momwe analirira tsiku limene anthu anapha mbuzi imene iwo ankaweta. Zambiri zimene ndimauza ana anga za bambo awo ndinazimva panjira imeneyo, mtsuko uli pamutu.

Koma ana nawo ankaona. Wamwamuna, wa zaka zinayi, ankati tikamadutsa panjira ya kuchitsime amagwada n'kupereka moni kwa atate. Wamkazi, wamkulupo, tsiku lina ndikumusambitsa anandifunsa ngati iyenso akadzakula adzamere masamba. Ndinamuuza kuti ayi. Anafunsa kuti nanga atate ake ali kuti kwenikweni, ku Malaya, kumwamba, kapena mu mpanda muja. Ndinati kumwamba. Anati nanga madzi timathirira ndani.

Dzinja lachiwiri linafika, ndipo nthochi inatulutsa mkoko waukulu, mpaka apongozi anaichirikiza ndi mphanda. Chakumapeto kwa mvula mchimwene wanga anabweranso. Ulendo uno sanapite kwa atsibweni, anakhala pakhonde panga, apongozi ali pomwepo akusenda maungu. Anati amayi sakuonanso ngakhale pang'ono. Munda wawo wagonera. Sabata yapitayo anasochera pochokera kuseri, anawapeza ali m'chimanga cha eni ake akuitana dzina langa, ndipo dzanja lina anapsa nalo pofufuza mphika. Mkazi wake akuyesetsa, koma ali ndi khanda ndiponso amayi ake omwe. Sanapemphe kanthu. Anamwa madzi n'kunyamuka.

M'mawa mwake ndinatenga chikwanje m'malo mwa mtsuko. Ndinauza Mulungu kuti ndikupita kukadula, ndipo ngati ndi tchimo alembe pa ine, asalembe pa ana. Ndinali nditakonza kuti ndikadula ndikawauza apongozi zonse, za kalipentala, za nkhwangwa, za chiguduli, andide ngati andida. Mame anali ambiri, nsalu yanga inanyowa mpaka m'mawondo.

Nditafika ndinapeza mpanda uli wotsegula. Apongozi anali atakhala pansi pafupi ndi mtumbira, miyendo atatambasula, akudya nthochi. Pa mkokowo panali zingapo zapamwamba zimene zinapsa, mbalame zitayamba kujompha. Khoko limodzi linali kale pambali pawo. Anayang'ana ine, anayang'ana chikwanje, anapitiriza kutafuna.

"Ndi kholobowa," anatero. "Yowawasa. Khala pansi, mwana wanga."

Ndinakhala. Ndinayamba kunena kuti amayi, pali zimene sindinakuuzeni, koma anakweza dzanja.

"Nkhwangwa ndinaimva. Kawiri. Mlongo wanga amaganiza kuti nyimbo imatseka makutu a munthu amene wakhala kuseri kwa khoma. Ndadzala nthochi iwe usanabadwe, ndingalephere kudziwa chitsa?"

Ndinawafunsa kuti nanga bwanji madzi onse aja, bulangete, mbale yotsuka tsiku ndi tsiku. Anapinda khoko la nthochi m'manja. Kenaka anati masiku oyamba, tsamba litangotuluka, anafunadi kukhulupirira, ndipo anakhulupirira mwina sabata imodzi. Pambuyo pake anaona kuti nthochiyo ikuwagwirira ntchito ina.

"Tsiku limene adzakusudzule, udzanyamula ana, ndipo ndi bwino, ndi ako. Ine ndidzatsala ndi chitseko. Ndinati bola chimere, uzikhala. Koma dzulo ndamva za mnzanga uja ali m'chimanga akuitana mwana wake. Wake ali moyo, ndipo ndamumanga ndine."

Anaimirira, anamasula bulangete n'kulipinda bwinobwino, anandilanda chikwanje. Anadula mkoko, ine ndinaulandira. Kenaka anachotsa mphanda n'kutema thunthu monga amachitira mlimi aliyense nthochi ikabereka. Anali munthu wamng'ono, anatema kambirimbiri. Litagwa, anaima akuliyang'ana lili gone pa mtumbira, lalitali, ndipo pamenepo mawu anatuluka. Analira mwana wawo, kumutchula dzina la ubwana, kulira kumene anakusunga chaka ndi theka. Ndinawagwira, tinalira tonse.

Kulirako kunamveka kumudzi. Anthu anabwera akuthamanga, alaliki ndi buku lawo, atsibweni akukoka majombo, adzukulu atanyamula kale makasu akufunsa kuti wamwalira ndani. Apongozi anapukuta nkhope n'kuwauza kuti ndi yemwe uja. Mdzukulu wamkulu anati ngati ndi yemwe uja, iwo anakumba kale, kawiri sakumba. Alaliki anafunsa ngati pakufunika pemphero, ndipo anapemphera, ulendo uno atayang'ana kumanda.

Anandisudzula patapita masabata awiri, osadikira kukolola. Panali abale a mbali zonse ziwiri ndi akulu a mpingo. Atsibweni ananena mawu ake, kuti ndinasunga mwana wawo bwino, alibe nane chifukwa, ndine womasuka kupita kwathu ndi ana. Atandifunsa ngati ndili ndi mawu, ndinati ndili nawo amodzi. Ndinapempha kuti pa katundu wa m'nyumba ndisatenge kanthu kupatula Baibulo, koma andipatse apongozi anga ndipite nawo.

Anthu anaseka. Atsibweni anati zimenezo sizinachitikepo, mayi wa mwamuna kukakhala kwawo kwa mtengwa, anthu adzati banja lathu latha. Mdzukulu wina anafunsa ngati agogowo akupita chikamwini, ndipo ngati akawapatse munda woti alimire apongozi awo. Ine ndinati nthochi m'bokosi inalinso isanachitikepo mu mpingo uno, koma tinaiimbira nyimbo. Onse anatembenukira kwa apongozi. Iwo anati akaganiza. Kuganiza kwake kunali kulowa m'nyumba ndi kutuluka ndi mtolo umene unaoneka kuti unamangidwa kale.

Tinayenda wapansi mpaka ku Boma, kumeneko tinakwera lole ya ku Mwami. Mkoko uja palibe m'mudzi amene anafuna kuudya, ndipo kuutaya apongozi anakana, anati chakudya sichitayidwa. Unali utapsa wonse m'nyumba mwawo. Anadula mapava abwino n'kuika mu dengu, ndipo dengulo anasenza okha njira yonse.

Mulungu anandichitira chifundo chimene sindinachipemphe m'mapemphero anga opotoka aja. Azimayi awiriwo anakhala nyumba imodzi zaka zisanu ndi ziwiri. Ankakangana za mchere wa m'ndiwo ndi za amene ana amamukonda kwambiri, ndipo Lamulungu lililonse wamfupi ankatsogola, wosaona atagwira nsonga ya nsalu yake, mpaka pa benchi la kutsogolo. Ine ndinalima, ana anaphunzira. Sindinakwatiwenso, osati chifukwa cha lamulo la munthu, koma panyumba panali podzaza kale.

Tsiku limene tinafika, amayi anga anali pakhonde, dzanja lomanga nsanza. Anandipapasa nkhope, anapapasa ana mitu, ndipo nditawauza kuti ndabwera ndi apongozi anga kudzakhala, anangoti afike, mphasa ilipo. Apongozi anakhala pambali pawo, anavundukula dengu, anasenda nthochi imodzi n'kuwaika m'dzanja labwinolo. Amayi analuma, anakwinya nkhope pang'ono, n'kufunsa kuti nthochi zimenezi n'zakumunda kwa yani.

"Kwa mkamwini wanu," anatero apongozi.

Amayi anatafuna pang'onopang'ono. Anati anali mwana waulemu, sankabwera chimanjamanja. Atamaliza anatambasula dzanja kupempha ina.